Akulu Patsogolo, Anayi Anayi

Kutatsala masiku atatu kuti chikondwerero cha Idi chikwane, Pak Wiryo (kumeneko Pak ndiye kuti Bambo), mwini kampani ya mabasi ku Semarang pachilumba cha Java, anatulukira kuti alibe tikiti yopitira kwa mayi awo ku Wonogiri. Lamulo loti wopanda tikiti ya pafoni asakwere, ngakhale mwini basi, analiika okha, choncho anakaima kumbuyo kwa Mbak Ratri (Mbak ndiye kuti Achemwali), wolemba mapulogalamu a kompyuta wa pakampanipo, mkazi amene ukamuuza kuti adikire pang'ono amafunsa kuti mphindi zingati.

"Mbak, foni yangayi ikungozungulira."

"Muli pamzere, Pak. Khomo la matikiti limalandira mapempho anayi okha pa nthawi imodzi. Lina likatuluka, lina limalowa."

"Tsegulani alowe onse."

Ratri anawakumbutsa kuti chaka chatha analowa onse, seva, kompyuta yaikulu ya matikiti, n'kukomoka masiku awiri. Pak Wiryo sanafunike kukumbutsidwa. Chaka chimenecho sanapite kukagwada pamaso pa mayi awo ndi kupepesa zolakwa za chaka monga mwa mwambo wa pa Idi, ndipo mayiwo anali atanena kuti akajombanso, adzakapepese pamanda. Mantha anawagwira ndithu.

"Ndili pa nambala chani?"

"3,212. Mipando yatsala isanu ndi inayi."

"Iii, koma ndadina m'mamawa ine."

"Mzere suyendera kulawirira, Pak. Munati n'zamanyazi kuti mwana alowe, agogo ataima panja. Ndiye akulu amalowa kaye."

"Nanga ine si wamkulu?"

"Mwalemba zaka 49."

Pak Wiryo akhala ndi zaka 49 kwa zaka khumi ndi ziwiri tsopano, ndipo tsitsi lawo lakuda bii limawaikira umboni, kupatula masana otentha ngati amenewa, pamene umboniwo umayenderera pakolala ya malaya. Anasuzumira pakhomo, n'kuwerama.

"Lembani 61," ananong'oneza.

"61?" anabwereza Ratri mokweza, kuti asalakwitse. M'chipinda chinacho wina anatsokomola. "Zatheka. Tsopano muli pa 3,190."

"Basi?"

Ratri anafotokoza kuti anthu anazindikira kale mmene mzerewo ukuyendera. Patsogolo pawo panali ogula oposa 3,000 a zaka 95 kupita m'mwamba, ambiri a iwo ophunzira a ku yunivesite.

"Amenewo ndi abodza. Achotseni."

"Munati mlendo sabwezedwa pakhomo. Munatinso munthu wamkulu safunsidwa zaka kawiri."

"Ndinanena ine zimenezo?"

Ratri anatsegula kabuku kake. Munali zonse, ndi madeti omwe, mpaka lamulo loti wopitirira zaka 80 asakwere popanda womuperekeza.

"Chabwino, onjezani akhale asanu."

"Wachisanuyo akhala wa zaka 99, Pak. Mipando yatsala inayi."

"Ndilowetseni chakumbali."

"Chakumbali kulibe khomo. Yatsala itatu."

Pak Wiryo anapukuta thukuta, kansalu n'kuda. Unali mwezi wosala kudya, dzuwa likadali pamutu, ndipo munthu wosala sanama. Koma anaona mayi awo atakhala pampando wawo wansungwi, akuyang'ana kumsewu.

"Lembani 120."

"Munabadwa chaka chanji, Pak?"

"Lembani, Mbak, zachakazo ndikauza Mulungu ndekha."

Ratri analemba. Foni inasiya kuzungulira. Pak Wiryo, nkhalamba yoposa onse pachilumba cha Java, analowa ngati mfumu, napeza mpando umodzi wotsiriza uli phee. Anadina.

"Ikuti chiyani apa?"

"Ikufunsa dzina la mdzukulu wokuperekezani. Pamafunika mipando iwiri, ndipo watsala umodzi."

"Ndilibe mdzukulu ine! Ndine munthu wa zaka 49."

Ratri anagwedeza mutu mwaulemu, n'kukonza nambalayo.

"Zikomo, Pak. Muli pa 3,540."