Jakisoni Wokulitsa pa Ng'ombe ya Njala

Pamzere wa kwa dokotala wa ziweto, bambo wina anaima atagwira chingwe cha ng'ombe yaikazi imene nthiti zake zinkachita kuwerengeka. Mayi amene anali kumbuyo kwake anaiyang'anitsitsa mpaka bamboyo anagwetsa nkhope.

"Bambo, yadwala chiyani imeneyi?"

"Si matenda, mayi. Ndaimaliza ndine. Alamu anga anandibweretsera jakisoni wokulitsa, amvekere ikula msanga ndipo mkaka uzichita kusefukira."

"Nanga mumaidyetsa chiyani?"

"Udzu wouma basi. Madeya anatha kalekale."

"Mayo! Yanganso inapita choncho. Jakisoniyo si chakudya, bambo. Ng'ombe ikamakhuta, iye amaletsa mafuta kuunjikana, chakudya n'kumapita ku mnofu ndi ku mkaka. Koma ikakhala ndi njala, amasungunula mafuta amene inasunga m'thupi, ng'ombe n'kumadzidya yokha."

"Ndiye kuti mkaka umene ana anga ankauvinira masabata awiri nditangoibaya unkachokera m'mafuta ake omwewo?"

"Munkamwa ng'ombe yanuyo."

"Malemu mkazi wanga anaisiya linunda likuchita kugwedezeka ikamayenda. Ali gone m'chipatala anandigwira dzanja, akuti, bambo a ana, ng'ombe yanga musakaiseweretse."

"Pepani, bambo. Nanga alamu anuwo akuti chiyani lero?"

"Akuti ndine ndinabaya molakwika. M'mawa uno anditsekera njira pachipata, akumwetulira. Ndimayesa abwera kudzapepesa. Akuti ikafa ndiwasungireko chiwindi."