Kulira kwa Pampu ya Madzi

Omvera anzanga, ine ndine mphunzitsi ku Shikabeta. Tsiku lina ndikupita ku Mpanshya kukatenga amayi anga omwe anali atatulutsidwa m'chipatala, motoka yanga inayamba kulira mwachilendo, kuti kwii kwii ngati mwanapiye. Ndikaponda mafuta, kulirako kunkakula. Ndinaima n'kutsegula boneti, koma sindinaone chovuta chilichonse.

Bambo wina wokonza zigayo anandipeza ali pa njinga. Anatulutsa sikuludiraiva yaitali, nsonga yake n'kugunditsa pa injini, chigwiriro n'kuika kukhutu.

"Ba ticha, bwerani mudzimvere nokha," anatero.

Pamalo oyamba injini inkamveka bwinobwino. Atasuntha nsongayo, ndinamva ngati munthu akutafuna mchenga.

"Nanga ichi n'chiyani, bambo?"

"Bering'i ya pampu ya madzi yatha. Mukanapitiriza, injini ikanapsa musanafike patala."

Amayi anandidikira masiku awiri mpaka pampu ina itapezeka, ndipo zinandipweteka mtima. Koma mpaka lero ndimadabwa kuti zaka zonsezi ndinkayendetsa osadziwa kuti chitsulo chilichonse chili ndi mawu ake.

Anzanga oyendetsa, mukaliza motoka m'mawa, yambani mwamvetsera injini. Wailesi mutsegule pambuyo, ife sitithawa.