Alamu ya Kuphiri Inatsala Pang'ono Kundithetsera Banja

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyo uko, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndaimirira pano kuti ndichitire umboni, ndipo umboni wake ndi wa banja langa.

Ambiri mumawadziwa amuna anga, bambo a Tadala, awo akhala pafupi ndi zenera akuyang'ana pansiwo. Ntchito yawo ndi ya magetsi, ndipo masiku ano amaikanso ma alamu m'nyumba za anthu. Pali kachipangizo kena koyera, kukula kwake ngati sopo, amati sensa. Amakakhoma m'mwamba pakhoma, ndiye munthu akadutsa kutsogolo kwake kamamva kutentha kwa thupi lake, alamu n'kulira. Zimenezi ndazidziwa mochedwa. Poyamba ndinkangodziwa kuti kachinthu kameneka kakundilanda mwamuna.

Mwezi wathawu anapeza ntchito panyumba ina, msewu wokwera kuphiri uja, kumene kuli nyumba zakale za m'mitengo. Mwini wake ndi mayi, amagwira ntchito kuyunivesite, amakhala okha. Akuba anawalowerapo masanasana, choncho ankafuna sensa pakhonde yoti izikhala yotchera ngakhale iwo ali m'nyumba. Bambo a Tadala anapita kukaika sensayo, n'kubwerako, ine n'kuti ntchito yatha.

Sinathe, abale. Mawa lake dzuwa litapendeka, foni. Ndinamva ndekha mawu a mzimayi, ofewa, osalala. "Pepani bambo, yaliranso, koma panja palibe munthu." Amuna anga kapu ya tiyi pansi, chikwama kumsana, njinga yamoto n'kuiliza. Tsiku linalo, foni. Linzakelo, foni. Nthawi yake yomweyomweyo. Ndinadzifunsa kuti kodi ndi wakuba wanji amene amabwera nthawi imodzimodzi ngati wolembedwa ntchito?

Amayi anzanga, musandiyang'ane ngati simukuidziwa nsanje. Mumaidziwa. Ine inandigwira zenizeni. Mpopi wa kwathu ku Mtiya wakhala ukudontha kuyambira dzinja, ndalankhula mpaka kutopa, munthu osaugwira. Koma kuphiri akangoitana, ulendo.

Tsiku lina ndinawafunsa bwinobwino. Ndinati, "Kodi mukafika kumeneko mumatani?"

Iwo, mmene mukuwadziwira kusachenjera pakamwa, anayankha ali phee. "Timayesa. Ine ndimakwera pamakwerero, ndimazimitsa kaye kulira kuti tisasokose, ndiye mayi aja amayenda pakhonde, uku ndi uku, ine n'kumaona."

"Amayenda?"

"Ee, pamafunika munthu woyenda. Nthawi zina ndimawauza kuti ayende pang'onopang'ono."

Abusa, mtima wanga unaphulika. Mzimayi akuyenda uku ndi uku, pang'onopang'ono, mwamuna wanga ali pamwamba akuona. Chithunzi chimenecho sichinandichoke. Ndikamachapa, ndikuchiona. Ndikamasankha nyemba, ndikuchiona. Ngakhale muno m'tchalitchi, kwaya ikuimba, ine maso otseka ngati ndikupemphera, koma ndikuona mayi uja akuyenda pakhonde.

Malo amene tikukhala ndi a kwathu, anandisiyira ndi mayi anga. Ndiye ndinati wochoka si ine. Ndinaimbira malume anga, amene ali ankhoswe athu, kuti abwere Loweruka, nkhani ndakonza kale, munthuyu azipita kwawo. Ndinatenga thumba, ndinalongedzamo malaya awo, mathalauza, nsapato za kutchalitchi, mpaka jekete imene anavala pa ukwati wathu. Thumbalo ndinalikankhira kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Iwo osadziwa kanthu.

Ndinagwada kuti ndipemphere, koma pemphero lake silinali labwino. Sindinapemphe mtendere. Ndinati, "Ambuye, ndionetseni ndi maso anga, kuti malume akabwera ndikhale ndi polankhulira."

Lachisanu foni inalira. Nditaona akunyamula chikwama, ndinamanga chitenje n'kunena kuti, "Lero tipitira limodzi." Ndinkayembekeza kuti akana. Anangoti, "Kwerani, koma kumtunda kumazizira, tengani juzi." Ngakhale zimenezo zinandipsetsa mtima. Ndinati munthuyu wafika pokhwima chonchi?

Tinafika. Ndipo musaganize kuti ndikuuzani zoti ndinapeza gogo wa ndodo. Ayi. Mayiyo ndi wokongola, khungu losalala, kununkhira kuyambira pageti. Ndinadziyang'ana mapazi, fumbi lokhalokha. Anandilandira mwaulemu, akuti, "Lowani mayi, ndikuikireni tiyi." Ine ndinati, "Zikomo, ndakhuta." Kulowa m'nyumba mwake ndinakana. Ndinakakhala pamwala pakona ya bwalo, pansi pa mpanda wa maluwa, nkhope nditaikwinya.

Bambo a Tadala anazungulira khonde, anayang'ana mawaya, osapeza kanthu. Anati mwina vuto lili m'bokosi la alamu, lomwe lili m'kati. Analowa, mayi aja pambuyo. Chitseko n'kutsekeka.

Ndinakhala pamwala paja ngati chitsa. Sindinagwedezeke, sindinatsokomole, makutu onse ali kuchitseko kuti ndimve ngati akuseka. Nsanje inandiumitsa thupi lonse. Bwalo linati zii, phokoso la njinga litaiwalika.

Kenako ndinamva masamba akugwedera. Mumtengo wa magwafa umene uli pambali pa khonde munatsika pusi. Anayang'ana uku, anayang'ana uku, ine osandiwerengera. Anatsika wina, ndi wina wobereka kamwana pamimba. Anadumphira pakampanda ka khonde, gwafa m'manja, n'kumayenda mondondozana kutsogolo kwa sensa ija. Alamu inalira mpaka ndinadzidzimuka. Apusi aja, kuphethira kumodzi, anali atabwerera m'mitengo.

Chitseko chinatseguka, amuna anga akuthamanga, mayi aja ali kumbuyo atagwira pamtima. Apa m'pamene ndinaona kuti maso awo ndi otupa, munthu wosagona tulo chifukwa cha mantha. Anati, "Mwaonatu bambo, palibe munthu."

Ndinayankha ndili pamwala pomwepo. "Ndi apusi."

Onse anatembenuka. Ndinati, "Apusi akudzadya magwafa. Mukamabwera ndi njinga yanu yaphokosoyo amathawa, ndiye muwapeza bwanji?"

Bambo a Tadala anagwira kumutu. Anati anazolowera kuika masensa m'tauni, kumene amangoganizira agalu ndi amphaka oyenda pansi. Za nyama yoyenda pakampanda, msinkhu wa chifuwa cha munthu, sanaziganizire n'komwe. Anakwera pamakwerero, anatsegula sensa ija, anachepetsa mphamvu yake yomvera, anaitembenuzira kumasitepe ndi kuchitseko, mbali yoyang'ana kumagwafa n'kuimata ndi katepi. Atatero anati, "Tsopano tiyese. Pakufunika woyenda."

Mayi aja anayamba kuvula masilipasi. "Ndiyende monga masiku onse?"

Ndinaimirira msangamsanga. "Khalani pansi mayi, mwatopa. Ndiyenda ine."

Abale, musaseke, kapena sekani, ndi zoona. Ndinakonza chitenje, ndinawongola msana, ndinayenda pakhonde paja kuyenda kumene ndinasiya ndili mtsikana. Ndinati lero aone kuti nanenso ndimatha. Ndikumva mawu kuchokera pamwamba, "Bwererani. Yambirani kumasitepe. Pang'onopang'ono. Imani. Dutsani m'mbali mwa kampanda."

Nditafika pakona ndinacheuka kuti ndione mmene akundiyang'anira. Sankandiyang'ana. Nkhope yawo inali kukhoma, mphuno pafupi kugunda sensa, maso ali pa kagetsi kofiira kamene kamayaka kachipangizoko kakamva munthu. Ine anandipatsa nkhongo. Ankadziwa pamene ndafika pomva mapazi basi. Ndinafunsa mayi aja chapansipansi kuti, "Amachita chonchi nthawi zonse?" Anati, "Ee, sacheuka. Ndimachita kuwauza kuti bambo, ndafika kumapeto."

Manyazi anandigwira, koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu, nsanje sinachoke nthawi yomweyo. Inangosamuka. Ndinayamba kuchitira nsanje kagetsi kofiira kaja, kuti kakuyang'aniridwa chonchi ine ndili pano. Ndinaima pakati pa khonde n'kunena kuti, "Bambo a Tadala, tandiyang'anani." Anati, "Dikirani kazime kaye." Ndinati, "Ndati mundiyang'ane ine." Anatembenuka pamakwerero paja, anandiona misozi ili mbwee, ndipo anatsika.

Ntchito tinaimaliza. Ine ndikadutsa kumasitepe, kagetsi kankayaka. Bambo a Tadala anayenda chowerama m'mbali mwa kampanda, ngati pusi, kagetsi osayaka. Tinakhala pansi chete kudikira, apusi anabweranso, anadya magwafa awo, alamu osalira. Mayi aja anapuma mpweya wautali, ndipo tiyi uja ndinamwa.

Chovuta chinali kunyumba. Ndinkafuna kuthamangira kuchipinda kuti ndikamasule thumba asanalione, koma anandiyambirira kulowa, akufuna malaya osinthira. Ndinawapeza ataima, thumba lili patsogolo pawo, jekete ya ukwati ili m'manja.

"Mayi a Tadala, ichi n'chiyani?"

Ndinawauza zonse, mpaka za malume obwera mawa. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pabedi, jekete ili pamaondo, n'kunena kuti, "Ndiye ndikanapita kuti? Ine kwathu ndi kuno." Mwamuna wamkulu ameneyu, amene sindinamuonepo akulira ngakhale pamaliro a bambo ake, analira. Ndinagwada pansi ndinapepesa. Iwonso anapepesa, akuti anazolowera kuyang'ana mawaya mpaka kuiwala kuyang'ana munthu amene amakhala naye. Zovala zija tinazibwezera limodzi, chimodzichimodzi.

Malume anafika Loweruka atavala tayi, okonzekera mlandu. Anapeza mkamwini wawo akuwalandira njinga pageti. Anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Nanga nkhani ija?" Ndinati, "Malume, nkhani yake anali apusi." Anandiuza kuti ndisadzawaitanenso ndisanafunse mwamuna wanga.

Ndinapempha Mulungu kuti andionetse tchimo la munthu wina, Iye anandikhazika pamwala n'kundionetsa zoona. Ndikanapanda kukwera njinga tsiku limene lija, lero bwenzi ana anga akufunsa kuti bambo ali kuti. Sindikunama kuti nsanje yatheratu. Foni ikalira ndimatcherabe khutu, ndiye muzindipempherera. Koma banja langa lilipo, ndipo ndikuthokoza Ambuye amene analigwira pamene ine mwini ndinali kuligwetsa.

Bambo a Tadala, taimirirani anthu akuoneni. Musayang'ane pansi, yang'anani kuno. Amayi anzanga, ndithandizeni nthungululu, abambo ombani m'manja, kondwerani nane, chifukwa munthu uyu tikatuluka muno tikupita nyumba imodzi. Ameni.