Zaka zitatu mumsasa wa kumpunga

Moni nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine Nabanda wa kwa Maganga, ndipo matenda amene anandigwira ndi aja anthu amatchula monong'ona: khate. Linandipeza zaka za nkhondo ya azungu, mwana wanga Esinati akadali kubere.

Linayamba ndi banga lotuwa pamkono. Tsiku lina ndikukazinga chimanga ndinatsamiza mkonowo paphale lamoto, osamva kanthu. Achemwali anga ndiwo anamva fungo la khungu lopserera, nakuwa. Mawanga ena awiri anatulukira kumsana. Amuna anga anali mkamwini pamudzi pathu, choncho sanavutike nazo. Anapinda mphasa yawo, akuti akukafuna ntchito kunjanji, mpaka lero akufunabe.

Atsibweni anga, eni mbumba, analamula kuti mwana achoke kubere tsiku lomwelo, aleredwe ndi achemwali. Ine anandimangira msasa kumapeto kwa munda wa mpunga, kuti wakhatenso akhale ndi ntchito yoingitsa mbalame. Mbale yanga inali yangayanga. Chakudya ankaika pamwala, wobweretsayo n'kubwerera m'mbuyo asanandiitane. Mabere anatupa sabata yathunthu, kulira kwa mwana ndikukumva kuchokera kumudzi. Abale anga, ululu umenewo sindiufunira ngakhale mdani.

Mphunzitsi wa kumishoni anati ndipite kuchipatala cha akhate, kutali, ulendo wa sitima. Ndinakana. Ndili pamsasapo ndinkatha kuona njira ya kuchitsime, ndipo m'mawa uliwonse achemwali ankadutsa atabereka Esinati. Ndinamuona akukwawa, akuyamba kuyenda, kenako akusenza kachikho pamutu. Zonsezi ndinkaonera patali ngati mlendo. Mankhwala sindinamwe, kaya a chizungu kaya a zitsamba.

Musaganize kuti ndinali wopemphera bwino. Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinkamukalipira Mulungu masanasana, mpheta zikundimvera. Ndinkati, “Mwandiona kuti ndine wochimwa kuposa mudzi wonse? Ngati n'kufa, nditengeni lero, musandiotche pang'onopang'ono.” M'mawa ndinkabaya banga lija ndi munga. Magazi ankatuluka, ululu ayi. Chaka chachiwiri ndinaleka kubaya, ndinalekanso kupemphera. Ndinkangoti, “Mwana yekhayo, Ambuye, ndimugwireko,” basi.

Munthu yekha amene ankakhala nane pansi anali Abiti Selemani, mayi wachisilamu wa kunyanja, amene ankadutsa ndi dengu la usipa kukasinthanitsa ndi chimanga. Ankatula dengu, n'kumandiuza zakudoko ngati ndine munthu. Chaka chachitatu, mpunga utacha, tikucheza choncho, ndinadzimenya pamkono n'kuyamba kukanda.

“Mukukanda chiyani, Nabanda?” anafunsa Abiti.

“Udzudzu uwu, wandiluma.”

“Wakulumani pati?”

Ndinayang'ana. Panali pabanga penipeni. Abiti anathyola munga n'kundibaya mosanyengerera, ine kukuwa, “Mayo! Mukufuna kundipha?” Iwo kuseka, misozi ili chuchuchu. Anandiyang'ana kumsana, napeza kuti mawanga akuzilala. Patapita miyezi inayi khungu linabwerera mwakale, zala zonse khumi zilipo.

Koma kumudzi anakana. Atsibweni anati khate silichoka, limangobisala. Abiti anawaitanitsa onse kumsasa, natenga mbale yanga ija, nadya chinangwa changa pamaso pawo, namwera m'chikho changa. Analumbira kuti, “Wallahi, ngati lilipo ligwire ine.” Anthu anadikira mwezi wathunthu akuyang'ana khungu la Abiti. Kenako anandiuza kuti ndibwere.

Ndinalowa m'mudzi nditasamba. Esinati anali pakhonde akusewera ndi zitsononkho. Ndinagwada, ndinatambasula manja, ndinamuitana dzina. Anandiyang'ana, nathawira kuseri kwa achemwali akukuwa, “Amayi, wakhate uja wabwera!”

Ndinalira kuposa tsiku limene anandilanda mwanayo. Palibe amene anali atamuuza kuti ndine mayi wake, poopa kuti angamathawire kumsasa. Chinatha chaka asanalole kuti ndimusambitse. Titamuuza zoona anamva, koma lilime linali litazolowera kale. Lero ndi mayi wa ana ake, komabe achemwali ndiwo amayi, ine ndine amayi aang'ono.

Ndikuyamika Mulungu amene anandichiritsa popanda jakisoni, nthawi imene ndinali nditaleka kumupempha za thupi langa. Chifukwa chake sindichidziwa, ndipo sindikuti odwala asapite kuchipatala, pakuti ambiri amene ndinkawadziwa anatha zala ali pakhomo. Inu amene muli m'masautso, pirirani, ngakhale pemphero litatsala la mawu anayi. Sizonse zimabwerera. Zaka zitatu zija sizinabwerere, ndipo zimandiwawabe. Koma Esinati akandiitana kuti amayi aang'ono ndimavomera msangamsanga, chifukwa amaitana ali pafupi, dzanja lake lili paphewa panga. Ambuye alemekezeke.