Fani ya Mayi

"Kodi mmisiriyu wapita kukapemphera kapena kukadya?"

Pamzere wa okonzetsa makompyuta ku Cairo, mwini kompyuta yonyezimira, amene anafunsa funsoli, anatembenukira bambo wa kumbuyo kwake, amene anakumbatira chibokosi chadzimbiri cha kompyuta.

"Achimwene, chimenecho mukukataya?"

"Ayi, angochipopa fumbi. Chinali cha ku ofesi kwa bambo anga. Ndinangoikamo khadi ya zithunzi yapakaunjika, masewera onse a pakompyuta akutheka."

"Osazima? Kutentha konseku?"

"Ndinachotsa chivundikiro, ndimachikupiza ndi fani ya mayi. Koma yanuyo ndiye yokongola, abwana."

"Ndinagulitsa njinga yamoto kuti ndiigule. Imazima ndikangotsala pang'ono kugoletsa."

"Pepani."

"Fani ya mayi anu basi?"

"Basi."

"Tsogolani, achimwene. Ine ndikukafuna njinga yanga."