Anapiye Kuchipinda kwa Mwana

Anamwino anali atachenjeza kale kuti mwana wa mphumu asamagone mu utsi, koma kunyumba palibe amene anamva. Lero mayi ake anali pamzere wa kuchipatala, akuwerenga mpweya wa kamtsikana kawo ka zaka zitatu, pamene mayi wachikulire amene anali kumbuyo kwawo anawakodola.

"Chifuwa chikulira ngati kamphaka. Mphumu?"

"Eya, mayi. Kachitatu mwezi uno."

"Mumaphikira m'nyumba?"

"Ayi. Bambo ake anagula anapiye. Akuti panja afa ndi kuzizira, ndiye timagona nawo kuchipinda, mbaula ili pakati, mawindo otseka."

"Mwana ndi nkhuku bulangete limodzi!"

"Ndikalankhula, apongozi amati mphumu ndi yakumtundu kwathu, ndizingomupatsa uchi."

"Yakumtundu ilipo, koma choidzutsa ndi utsiwo, nthenga, fumbi. Uchi umafewetsa pakhosi, sutsegula chifuwa. Wanga ndinkamukolopera m'malo mosesa, zofunda padzuwa, mankhwala opopera m'kamwa aja osachoka m'chikwama."

"Ndiye anachira?"

"Anapezako bwino zaka ziwiri. Kenako ndinamusiya kwa azakhali ake sabata imodzi yokha. Iwo ankafukiza udzudzu atatseka chitseko. Bwenzi pano ali wamkulu ngati inuyo."

"Pepani, mayi."

"Zinapita. Anapiyewo atuluka liti?"

"Akuti pakatha milungu itatu."

"Itatu, mwanawe?"

"Ayi, sindidikira. Ndikafika ndikamanga zovala zake. Kusanache tikhala titanyamuka, ulendo wa kwa achemwali anga. Nkhukuzo azigona nazo okha."