Fita ya Leonel ndi Chipinda cha Apongozi

Leonel, mnyamata wa ku Furancungo amene anadzakwatira kwathu kuno ku Tsangano, anabwerako ku Tete ndi lisensa ya uavaliyadori, ntchito yoyeza nyumba n'kunena mtengo wake kuti a banku akhulupirire. Nkhumba zonse za mkazi wake Sónia, mayi wa mwana wake Tamandani, zinathera pa maphunziro amenewo, ndipo kampani ina ya ku Tete komweko inamuuza kuti idzamulemba ntchito akadzaonetsa chikalata cha nyumba imodzi yokha imene wayeza yekha. Koma kuno ndani amafunsa mtengo wa nyumba imene akugonamo? Mvula inabwera n'kupita, fita yake yoyezera ili phee m'thumba.

Amene anamumvera chisoni ndi apongozi ake enieni, amayi Ernestina, mayi wamasiye wouma mutu ngati chitsa, amene ankafuna kuti banku iwathandize kugula motobomba yothiririra kachewere, nyumba yawo ikhale chikole. Ine ndimakhala kuseri kwa mpanda wawo, ndipo tsikulo ndinasankha nyemba zomwezomwezo mpaka dzuwa kupendeka, poti zinali zosachokapo.

Anayamba monga achitira mkamwini ndi apongozi, osayang'anana. Amayi anali pamkeka kuyang'ana kuphiri, Leonel atanjuta poteropo kuyang'ana kukhola lopanda nkhumba lija. Kunja anayeza bwinobwino. Pabalaza analowa atavula nsapato, n'kutuluka chafutambuyo. Kenako anakanjutanso pamalo pake paja n'kutsokomola.

"Kwatsala kuchipinda, amayi."

"Kuchipinda kwa yani?"

"Kwanu."

"Lembani kuti n'kwabwino."

"Sindinakuone."

"Ndakuona ine. Ndimagonako."

Leonel anafotokoza mwaulemu kuti kusukulu anawaphunzitsa kuti avaliyadori amalemba zokhazo zimene waona ndi maso ake: pansi, denga, ming'alu, modontha. Amayi anayankha kuti nawonso anaphunzira, kuchinamwali, ndipo aphunzitsi awo anali aakulu kuposa a ku Tetewo. Chiyambire dziko, anatero, mkamwini sanaonepo kama ya apongozi ake, ndipo sizikayambira pakhomo pawo chifukwa cha motobomba.

Komatu motobombayo ankaifuna. Anatenga nsonga ya fita, kulowa nayo m'nyumba, inayo n'kuitulutsira pazenera. Leonel anaigwira atatsamira khoma, maso atatsinzina.

"Yafika pati, amayi?"

"Pamsomali wopachikapo kolona."

"Msomaliwo uli pa mamita angati?"

"Uli pomwe anaukhomera malemu."

"Nanga mutajambula ndi telefoni yangayi, ine n'kuona chithunzi chokha?"

"Eti? Kuti kama yanga iziyenda m'thumba mwanu mpaka ku Tete, anthu a m'shapa, minibasi zija, aziionera?"

Fita inabwerera yokha m'chigoba mwake, thwaa, n'kumumenya chala. Amayi anatuluka n'kukhalanso pamkeka. Ataganiza pang'ono anati basi, alembe kuti chipindacho n'chosungiramo kachewere, poti mkamwini saletsedwa kudziwa za kachewere. Munthu wina akanangoti zikomo n'kulemba. Osati Leonel. Iye anavomera ndithu, n'kuwonjezera kuti ndiye alembanso kuti nyumbayi ilibe pogona, mwini wake sagona paliponse, ndipo a banku aiwerengera ngati nkhokwe.

"Nkhokwe? Ya malata atsopano, pansi pa simenti?"

"Pansi pa kuchipindako sindinapaone, amayi."

Apa ndinaona khosi la amayi Ernestina likukula. Koma asanayankhe, Leonel anadzimenya pachipumi n'kukhala pansi ndithu, pafumbi, ndi thalauza lake la lisensa. Anati wakumbukira lamulo lina, lalikulu kuposa loyamba lija: avaliyadori saloledwa kuyeza nyumba ya m'bale wake, ngakhale chibale cha ukwati, kuopa kuti angakweze mtengo mwachifundo.

"Ndiye chiyambire m'mawa muja mumayeza chiyani, bambo a Tamandani?"

"Ndimayeza molakwa, amayi."

Nkhuku inadutsa pakati pawo. Ine ndinkati nkhani yathera pompo, munthu abwezere fita m'thumba akapalire chimanga ngati akamwini anzake. Koma amayi aja akagwira chinthu sataya.

"Chikukuletsani kulowa n'chiyani?"

"Ndine mkamwini."

"Chikukuletsani kulemba?"

"Ndine mkamwini."

"Purontu, basi. Matenda ndi amodzi. Ukwati uthe kaye mpaka madzulo."

Ndinadikira kuti Leonel aseke. Sanaseke, mwana wa eni ake. Anati ganizolo n'lanzeru, kungoti lamulo silidziwa za mpaka madzulo. Kukampani akamufunsa kuti kodi muli pachibale ndi mwini nyumba, ndipo iye bodza salitha, amachita chibwibwi. Ngati ukwati ukutha, uthe zenizeni, ankhoswe adziwe, ndipo ukhale wotha mpaka a banku atayankha. Amayi anati zimenezo ndiye zaulemu, sankadziwa kuti ali ndi mkamwini wolongosoka chonchi. Ine kuseri kuno mtima unandiwawa, nyemba zinayamba kugwera pansi.

Leonel anaimbira amalume ake a Jordão ku Furancungo, amene ndiwo nkhoswe yake. Anawapeza ali m'chigafa akusankha fodya, mphepo ikulira m'telefoni. Sindikhulupirira kuti anamva n'komwe. Anangoti ngati mwagwirizana uko ine ndilibe mawu, telefoni n'kuduka. Za nkhoswe ya kuchikazi amayi anati asavutike nazo, poti ndi mlongo wawo, ndipo chibadwire sanawatsutsepo.

"Nanga Sónia?"

"Ali kumsika. Ndinabala ndine, ndimuuza ndine."

"Adzandilandiranso?"

"Mukadzafunsira bwino. Pajatu ulendo woyamba uja ofunsira anali ambiri."

Leonel anafunsa ngati Tamandani akhalebe mwana wake, amayi n'kuyankha kuti mwana ndi wa pamudzi pano kale, iye azidzangomuona Lamulungu. Kenako anadzuka, kumanga chitenje mwamphamvu, n'kulunjika kukanyumba ka Sónia kuseri kwa khola. Anatulukamo ndi gombeza, radiyo, nsapato za kutchalitchi ndi botolo la mafuta odzola, n'kuzisanja bwinobwino panjira, kunja kwa mpanda. Leonel anawakumbutsa kuti atsala masokosi pachingwe. Anakamutengera.

"Mwasudzulidwa, bambo. Pitani bwino."

"Zikomo, amayi."

"Amayi anu ali ku Furancungo."

"Zikomo, sinyora."

Apo Leonel anaimirira n'kutembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire anthu awiriwa anayang'anana kumaso. Anapenyana ngati ogula ndi ogulitsa mbuzi.

"Kani muli ndi ndevu?"

"Kuyambira kale, sinyora."

"Sizikukukhalani."

Misozi inali italengeza m'maso mwa Leonel, ndinaiona ndi maso angawa. Anaipukuta ndi mkono wa malaya, kusasa fumbi kuthalauza, kupachika lisensa pakhosi, n'kukoka fita pang'ono kuti aone ngati ikugwirabe ntchito. Mkazi anali atapita, pogona panali patapita, koma chikalata chija tsopano chinali pafupi, kuseri kwa chitseko chimodzi chokha. Anayenda ngati munthu wa boma mpaka pakhonde.

"Odi kuno."

Amayi Ernestina anali atafika kale pakhomo, manja onse awiri atagwira mphuthu.

"Mukufuna ndani?"

"Ndine avaliyadori, sinyora. Ndabwera kudzaona kuchipinda."

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Furancungo."

"Muli ndi m'bale pamudzi pano?"

"Ndilibe."

"Muli pabanja?"

Leonel anacheukira gombeza lake panjira paja, pomwe nkhuku ija inali itakwerapo kale.

"Ayi, sinyora."

Amayi anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kundevu, n'kupukusa mutu.

"Mwamuna wachilendo, wosakwatira, kuchipinda kwa mayi wamasiye wa m'kwaya? Pakhomo pano tili ndi mwambo, bambo. Khalani uko, mudikire mkamwini wanga abwere."